Katemera ndinapereka, koma nkhuku zikufabe

Dandaulo ili ndimalimva chaka ndi chaka kukangoyamba kutentha, cha m'ma Sepitembala ndi Okutobala. "Katemera uja ndinapereka, ndalama zinapita, koma taonani nkhuku zavala jekete." Ukapita kukaona upezadi thadzi lili pakona, mapiko ali pansi, maso ali tsinzinu, chitosi chobiriwira chamamatira kumbuyo. Mwini wake wagamula kale kuti katemerayo ndi wabodza, mwinanso ndi amene wabweretsa matendawo. Mawu otere akafalikira pamudzi, ulendo wotsatira wotemera nkhuku amabwezedwa pakhomo lililonse, ndipo chitopa chimalowa popanda wochiletsa.

Ndaweta nkhuku zachikuda ndi za nyama kwa zaka zambiri. Ndaona kuti nkhuku zotemera zikafa pamakhala pamene zinthu zinakhota, ndipo pamapezeka munthu ukafufuza modekha. Musanataye khola, tsatani nane.

Katemera amaphunzitsa, sachiza

Chitopa, chimene ena amati chideru, chimayamba ndi kachilombo ka mtundu wa vayirasi. Pa Chingerezi amachitchula ndi dzina la mzinda wa Newcastle ku England, kumene chinabuka cha m'ma 1926, nthawi imene chinaonekanso pachilumba cha Java. Mankhwala opha kachilomboka m'thupi la nkhuku palibe. Makapisozi amene timasungunula m'madzi aja amalimbana ndi mabakiteriya, vayirasi samukhudza. Tsabola, phulusa, nimu ndi aloe vera nazonso sizikafika. Nkhuku imene yapulumuka itamwa zimenezi yapulumuka ndi mphamvu ya thupi lake.

Katemera wa chitopa amene timagwiritsa ntchito kwambiri, monga I-2, LaSota ndi Hitchner B1, ndi kachilombo komweko ka chitopa, kamoyo, koma ka mtundu wofatsa. Kakalowa m'diso kapena kukhosi kamaswana pang'ono, thupi n'kukazindikira, n'kuyamba kupanga asilikali olimbana nako. Kachilombo koopsa kakadzabwera kamapeza thupi likudziwa kale nkhope yake. Ndiye kuti pakufunika zinthu zinayi: katemera afike ali moyo, alowedi mu nkhuku iliyonse, thupi la nkhukuyo likhale lotha kuphunzira, ndipo lipatsidwe nthawi. Chimodzi chikasowa, nkhuku imatchedwa yotemera pomwe ilibe chitetezo.

Yambani ndi masiku

Funso langa loyamba limakhala lakuti, munatemera liti, nanga yoyamba inadwala liti? Yankho la funso limeneli limathetsa milandu yambiri.

Chitetezo sichibwera tsiku lomwelo. Chimatenga sabata imodzi mpaka ziwiri kuti chikhwime. Nacho chitopa chikalowa m'nkhuku chimabisala kaye, kawirikawiri masiku 5 kapena 6, nthawi zina mpaka masabata awiri, nkhuku ikudya ndi kupalasa ngati ili bwino. Tsono ambirife timakumbukira katemera tikamva kuti kwa aneba nkhuku zayamba kugwa. Pamenepo zathu zimakhala zitadya kale pamodzi ndi zodwalazo kudzala. Timadonthezera Lolemba, Lachinayi ziwiri zafa, ndipo mlandu umagwera katemera. Ngati imfa zayamba masiku khumi asanakwane chitemereni, dziwani kuti matenda analowa kale kapena analowa chitetezo chisanakhwime.

Mbali ina ya funsoli ndi kuchedwa kubwereza. I-2 wodonthezera m'diso amafunika miyezi inayi iliyonse, katatu pachaka, ndipo n'chifukwa chake makampeni amachitika mu Malichi, Julayi ndi Novembala. Wa mu Julayi ndi amene amadikirira mliri wa m'chilimwe. Amene anatemera mu Malichi n'kudumpha Julayi amafika mu Okutobala chitetezo chitazilala. Onjezani apo anapiye onse amene aswedwa pakatipa, ndi tambala amene munagula pamsika mu Ogasiti: onsewo sanalandirepo kanthu. Yang'anani bwino zimene zikufa. Kawirikawiri mupeza kuti ndi misoti ndi zogula kumene, pomwe mathadzi akale amene alandira kangapo akuyenda bwinobwino. Zikatero katemera wagwira ntchito yake.

Kodi anafika ali moyo?

Chinthu chamoyo chimafa ndi kutentha komanso dzuwa. LaSota, Hitchner B1 ndi katemera wa Gumboro, matenda ena ogwira anapiye, amayenera kukhala mufiriji, pakati pa madigiri 2 ndi 8, kuchokera kopangira mpaka tsiku logwiritsa ntchito. Katemera wakufa saoneka ndi maso. Botolo limakhala lomwelo, mtundu womwewo.

Chaka china ndinagula LaSota pasitolo ina ya mankhwala a ziweto patauni, magetsi atavuta kwa masiku angapo. Wogulitsa anatulutsa kabotolo mufiriji n'kundipatsa m'kapepala. Pokalandira ndinamva kuti sikakuzizira, koma minibasi inali kudzaza ndipo ndinapita nako. Ndinamwetsa maleya anga ang'onoang'ono, nkhuku zoikira mazira zija, motsata ndondomeko yonse. Patatha mwezi ndi theka chitopa chinalowa, ndipo m'mawa uliwonse ndinkatola mitembo pansi pa zomwera. Kuyambira pamenepo ndimapempha kuti ndigwire ndekha m'kati mwa firiji, ndimafunsa kuti magetsi akazima amatani, ndimawerenga tsiku lothera mphamvu, ndipo sindichoka kunyumba popanda fulasiki ya madzi oundana. Wogulitsa wodziwa ntchito yake sakhumudwa ndi mafunso amenewa.

I-2 anapangidwa ku Australia poganizira midzi yopanda mafiriji, ndipo kuno kwathu amakonzedwa ku labotale yaikulu ya za ziweto ku Lilongwe. Amapirira kutentha kuposa anzake, komatu kupirira kuli ndi malire. Asamayende m'thumba la malaya kapena pakaliyala ya njinga dzuwa likuswa mtengo. Otemera odziwa amakulunga botolo m'kansalu konyowa, n'kuika m'kadengu kolowa mphepo, pamthunzi. Likatsegulidwa ligwire ntchito m'masiku ochepa amene alembedwa pamenepo. Lotsala musasungire mwezi wamawa.

Kodi analowadi?

Kudonthezera m'diso ndi njira imene ndimaikhulupirira kuposa zonse, chifukwa nkhuku iliyonse imadutsa m'manja. Wina agwire nkhuku chammbali, diso limodzi liyang'ane kumwamba. Botolo liime chilili, dontho lituluke lathunthu, nsonga isakhudze diso. Kenako dikirani. Dontho limayandama kanthawi pang'ono, nkhuku n'kuphethira, dontho n'kuzimirira, ndipo mumaona kukhosi kukugwedezeka ikumeza. Apo ndiye mwatemera. Ikapukusa mutu dontho n'kugwera pa nthenga, bwerezani. Chitani izi m'mamawa musanatsegule khola, ndipo zija zogona mumtengo wa mango zigwireni usiku wake. Zimenezo ndi zimene zimatsala, ndipo ndi zimene zimayenda kutali.

Kumwetsa m'madzi, kumene a nkhuku zambiri amadalira, kuli ndi misampha yochuluka. Waukulu ndi kolorini. Madzi a pampopi ndi madzi othira WaterGuard amapha katemera m'kanthawi kochepa, monga amaphera tizilombo tina. Tungani a pamjigo oyera. Ngati muli ndi a pampopi okha, atungeni dzulo lake agone m'ndowa yosavundikira, ndipo thirani mkaka waufa wopanda mafuta, magalamu 2 pa lita imodzi, mudikire mphindi 15 kapena 20 musanaikemo katemera. Zomwera zikhale zapulasitiki, zotsukidwa ndi madzi okha opanda sopo. Chotsani madzi kwa ola limodzi kapena awiri kuti nkhuku zimve ludzu, ndipo madzi a katemera athe maola awiri asanakwane. Ikani zomwera zambiri, apo ayi zamphamvu zimamwa kawiri, zofooka osalawa n'komwe. Imani pomwepo muzidzutsa zogona. Ndipo botolo la nkhuku 500 musalitambasulire nkhuku 800.

Anapiye ndi chitetezo cha make

Thadzi lotemera limaika asilikali ake mu yolk, chikasu cha dzira chija, ndipo mwanapiye amabadwa nawo. Amamuteteza masiku oyamba, koma amachepa ndi theka pakapita masiku anayi kapena asanu alionse, mpaka pofika sabata yachitatu amakhala atatsala pang'ono kutha. Vuto lake ndi lakuti asilikali obwerekawa sasiyanitsa mdani ndi katemera. Mukapereka katemera wa Gumboro molawirira kwambiri amamupha asanaphunzitse kanthu. Mukachedwa, pamakhala mpata umene mwanapiye alibe chitetezo cha make ndiponso alibe chake. N'chifukwa chake ndondomeko zambiri zimaika Gumboro cha m'ma sabata yachiwiri n'kubwereza patapita sabata imodzi kapena kupitirirapo pang'ono. Masiku enieni funsani kumene mwagula anapiye, popeza iwo ndi amene akudziwa zimene makolo a anapiyewo analandira ndi zimene anapiyewo apatsidwa tsiku loswedwa. Anapiye ogula m'mbali mwa msewu, opanda wokuuzani mbiri yawo, muziwatenga ngati sanalandire chilichonse.

Gumboro, wakuba chitetezo

Apa ndikhalitsapo, chifukwa ndi pamene alimi a mabuloyila (nkhuku za nyama) ndi maleya amasokonezeka kwambiri. Masiku anali olondola, katemera anali wozizira, madzi anali abwino, koma chitopa chalowabe.

Mwa mbalame muli kathumba kakang'ono kamene kali kumsana, pamwamba penipeni pa potulukira chitosi. Madotolo amakatcha bursa. M'menemo ndi mmene timaselo topanga asilikali a m'magazi timakhwimira nkhuku ikali yaing'ono. Nkhuku ikakula kathumbako kamafota kokha, ntchito yake itatha. Matenda a Gumboro, amene anatenga dzina la dera lina ku Delaware, ku America, kumene anazindikirika koyamba, amalunjika pa kathumba komweka.

Akagwira anapiye a masabata atatu mpaka asanu ndi limodzi, amaonekera. Anapiye amaunjikana, nthenga zili nyankhalala, akutsegula m'mimba zoyera zamadzimadzi, ena akudzijompha kumbuyo. Imfa zimakwera mofulumira n'kutsika sabata isanathe. Mukang'amba wakufa mupeza kathumba kaja katatupa, nthawi zina kali ndi magazi kapena kokutidwa ndi zoterera zachikasu, ndipo pa ntchafu ndi pachidale pali timizere ta magazi ngati wakwapulidwa.

Choopsa ndi pamene agwira anapiye osakwana masabata atatu. Apo sipakhala imfa zoti n'kudabwitsa munthu. Kathumba kamangofota mwakachetechete, ndipo nkhukuyo imakula ilibe popangira asilikali okwanira. Muipatse LaSota wabwino chotani, thupi lake limayankha mofooka. Gulu lotere mumalidziwa ndi makhalidwe ake: kukula kosiyanasiyana, chimfine chosatha, kamwazi wobwerezabwereza, mankhwala akangotha matenda abweranso. Mwini wake amasintha sitolo ya katemera, amasintha chakudya, koma gulu lotsatira limachitanso chimodzimodzi.

Limachita chimodzimodzi chifukwa kachilombo ka Gumboro ndi kouma mutu. Kamakhala miyezi ingapo m'khola lopanda nkhuku, m'fumbi, m'ming'alu ya pansi, m'utuchi wakale, ndipo mankhwala ena ophera tizilombo sakagonjetsa. Ngati mumalowetsa anapiye atsopano mawa lake mutagulitsa akale, kapena mumasunga magulu a misinkhu yosiyana m'nyumba imodzi, mukuwapatsira nokha. Tulutsani utuchi wonse kutali ndi khola, sesani mpaka kudenga, tsukani ndi sopo, kenako thirani mankhwala amene alembedwa kuti amapha Gumboro, ndipo khola lipume masabata awiri kapena kuposerapo. Ndikudziwa kuti khola lopanda kanthu limapweteka mtima wa munthu wa bizinesi. Koma masabata awiri amenewo ndi otchipa kuyerekeza ndi gulu lathunthu lodya chakudya osakula.

Matenda a Marek nawonso amafooketsa chitetezo. Amayenda m'fumbi la nthenga, ndipo amadziwika ndi misoti yopuwala, mwendo wina kutsogolo wina kumbuyo, ikuwonda pang'onopang'ono. Katemera wake ndi wa jakisoni, woperekedwa tsiku loswedwa kumalo oswetsera. Kunyumba simungakonze zimenezi pambuyo pake, choncho funsani pogula, makamaka maleya amene mukhale nawo nthawi yaitali.

Zimene zili m'chodyera

Nunkhizani madeya anu. Chimanga chofumbwa ndi chowola chimene tachisankha kuti anthu asadye, mtedza wonyala, gaga wosungidwa m'thumba pansi ponyowa, zonsezi timaponyera nkhuku. Chuku chimene chimamera mmenemo chimatulutsa poizoni wotchedwa aflatoxin, amene amawononga chiwindi n'kufotetsa kathumba komwe kaja. Kuphika kapena kuyanika padzuwa sikumuchotsa. Chakudya chikachita zibuma, chikamanunkha chinyontho, chitayeni, ndipo matumba azikhala pa mapulanga, osatsamira khoma.

Njoka za m'mimba, utitiri ndi nthata, kuthithikana m'khola, kutentha kwa mu Okutobala pansi pa malata, njala ya nkhuku zachikuda nthawi imene kulibe chopalasa: chilichonse mwa izi chimachepetsa mphamvu imene thupi likanayankhira katemera. Nkhuku yodwala kale musaitemere. Ipatuleni, ichire kaye.

Mwina si chitopa

Katemera wa chitopa amateteza ku chitopa chokha. Pamudzi nkhuku iliyonse yosinza timati chitopa, ndipo katemera amanamiziridwa milandu ya matenda ena. Chitopa chenicheni chimagwetsa nkhuku zambiri za misinkhu yonse m'masiku ochepa, ndi chitosi chobiriwira, kupuma mobanika, mazira kusiya kapena kutuluka ofewa, ndipo zina zotsala zimapotoka khosi n'kumazungulira. Mukang'amba, kathumba ka chakudya kamene kali kutsogolo kwa nthutumba kamakhala ndi timadontho ta magazi m'kati mwake. Chitosi cha magazi mwa anapiye okulirapo, pa utuchi wonyowa, chimaloza ku kamwazi, amene ali ndi mankhwala ake. Nkhope yotupa ndi mamina onunkha ndi chimfine cha mabakiteriya. Tinjerewere takuda pa lipombo ndi m'zikope ndi nthomba ya nkhuku, yofalitsidwa ndi udzudzu. Katemera wake ndi wobaya pachikopa cha phiko, ndipo ali ndi ubwino woti mumatha kumuyesa: pakatha sabata kapena masiku khumi, pobayapo pazikhala kotupa kapena kankhanambo. Popanda kanthu ndiye kuti sanagwire.

Chimfine cha mbalame, chija chimamveka m'maiko ena, chimafanana kwambiri ndi chitopa moti ndi maso okha simungasiyanitse, ndipo mitundu ina imagwira anthu. Nkhuku zikamafa zambiri mwadzidzidzi, makamaka zotemera bwino, musang'ambe ndi manja. Uzani alangizi a ziweto a m'dera lanu tsiku lomwelo kuti atenge zokayeza ku labotale.

Matenda akalowa kale

Patulani zodwala, ndipo amene akuzisamalira asalowe kwa zabwino ndi nsapato zomwezo. Zakufa zikwirireni mozama kapena zitentheni, pamodzi ndi nthenga ndi matumbo. Galu akakoka mutu wa nkhuku kupita nawo kuseri kwa nyumba ya aneba, chitopa chasamuka. Chimene ndikupemphani kwambiri ndi ichi: musathamangire nazo kumsika. Ndikumvetsa kuti munthu amafuna kupulumutsako kangachepe, koma nkhuku zotchipa za pa njinga m'nyengo ya mliri ndi zimene zimanyamula matenda kuchoka mudzi uno kupita mudzi wina, ndipo wogulayo ndi mnzathu wosauka ngati ife tomwe. Zotsala zipatseni madzi oyera, mavitamini ndi chakudya chofewa. Mankhwala a mabakiteriya aperekedwe pokhapokha alangizi ataona kuti pali matenda ena okwera pamwamba.

Zopulumuka zimakhala ndi chitetezo champhamvu, koma zimatha kutulutsabe kachilombo kwa masabata angapo, choncho musafulumire kubweretsa zatsopano. Abakha amatha kunyamula chitopa iwo osadwala, ndipo nkhunda ndi nkhanga nazo zimachitenga. Nkhuku iliyonse yobwera, kaya yogula, kaya ya mphatso yochokera kwa apongozi, ikhale payokha masabata awiri, itemeredwe, kenako isakanizidwe ndi zinzake.

Gulani kope laling'ono lizikhala pakhomo la khola. Muzilembamo tsiku lotemera, dzina la katemera, nambala ya pabotolo, kumene munagula, madzi amene munagwiritsa ntchito ndi chiwerengero cha nkhuku zimene zinalandira. Kunyumba kwanga, wa mu Julayi timapereka sabata yoyamba ya mweziwo, ndipo ndimayenda kaye makomo anayi otizungulira kuti botolo limodzi titemerere tonse m'mawa umodzi, popeza nkhuku zathu zimadyera dzala limodzi.